Miyezi 17 ku Kutupalong: ntchito yofikitsa uthenga kwa othawa kwawo

Ndinakulira ku Nsanje m'zaka zimene nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inkathamangitsa anthu ku Mozambique. Ndimakumbukirabe mizere ya anthu m'mbali mwa njanji, mitolo pamutu, mbuzi pachingwe, ana kumsana. Pofika 1992 Malawi inali ikusunga othawa kwawo opitirira miliyoni imodzi, ndipo m'boma lathu alendowo anachuluka kuposa eni nthaka. Chinthu chimodzi sindinkachiwerengera nthawi imeneyo: anthu aja ankalankhula Chisena ngati ife. Mayi anga akafuna kudziwa chimene chikusautsa mnzawo wa kutsidya, ankangomufunsa pachitsime, iye n'kuyankha, nkhani n'kutha. Panalibe womasulira, panalibenso chikwangwani. Kulemera kwa zimenezo ndinakuzindikira patapita zaka zambiri, nditaima m'matope ku Bangladesh, ndili ndi uthenga m'manja umene anthu ankaumva mosiyana ndi mmene tinaulembera.

Ndinapita kumeneko mu May 2018 ngati wogwira ntchito mongodzipereka, nditakhala zaka zisanu ndi zitatu pa wailesi ina ya m'dera kuno kumudzi. Bungwe limene linanditenga sindilitchula, chifukwa zolakwa zimene ndinene pano zinali za tonse amene tinali kumeneko, ine ndemwe ndili m'gulu. Kalata ya ntchito inkati ndikathandiza pa kulumikizana ndi anthu a mumsasa wa Kutupalong, kumene kunali othawa kwawo a Chirohingya. Ndinkaona ngati ndikudziwa kale tanthauzo lake: kulemba uthenga waufupi, kuujambula, kuuulutsa. Ndinanyamuka pa Lilongwe ndi chojambulira mawu, laputopu, ndi ufa woyera makilogalamu asanu umene achemwali anga anandikakamiza kutenga. Ndikulemba izi chifukwa achinyamata ambiri amandifunsa pa WhatsApp mmene angapezere mwayi wotere. Pafupifupi onse amafunsa za ndege ndi ndalama. Za ntchito yeniyeniyo amafunsa ndi ochepa.

Arohingya ndi Asilamu a m'chigawo cha Rakhine ku Myanmar. Lamulo la unzika la 1982 linawasiya kunja, moti ambiri alibe dziko limene limawawerengera ngati nzika zake. Kuyambira pa 25 August 2017, asilikali a Myanmar atayamba kutentha midzi ndi kupha anthu, opitirira 700,000 anawoloka mtsinje wa Naf ndi mapiri kulowa ku Bangladesh, m'boma la Cox's Bazar, kumene anapeza anzawo amene anathawa kale cha mu 1991 ndi 1992 komanso mu 2016. Kutupalong pamodzi ndi misasa yolumikizana nayo inasanduka msasa waukulu kuposa yonse padziko lapansi, wa anthu opitirira 600,000. Inu amene munafikako ku Dzaleka ku Dowa, chulukitsani anthu ake kakhumi ndi kupitirira, muwaike pa timapiri ta dothi losachedwa kugumuka pamene mitengo yonse inadulidwa, ndi mizu yomwe inakumbidwa kuti ikhale nkhuni. Tsiku loyamba nditakwera pakaphiri ndinaona nsungwi ndi malona mpaka kumene maso amalekezera. Malowo kale inali njira ya njovu, ndipo m'miyezi yoyambirira njovu zinapha anthu angapo m'tinyumba tawo.

Ife tinkagona m'tauni ya Cox's Bazar, mtunda wa makilomita opitirira 30 kuchokera kumsasa. Msewu unali wopapatiza, wodzaza malole a nsungwi ndi tinjinga ta matayala atatu, moti ulendo umodzi unkatidyera ola ndi theka, nthawi zina maola awiri. Lamulo linali lakuti ogwira ntchito onse azituluka mumsasa dzuwa lisanalowe. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa ndi imene inandiphunzitsa zambiri: usiku wonse, pamene mvula imagumula nthaka, pamene mwana amadwala, pamene mphekesera zimayenda khomo ndi khomo, ife kunalibe. Tinkafika m'mawa nkhani zitakula kale.

Moyo wanga unali wovutirapo, sindibisa. Nyengo ya mvula kumeneko imayamba mu June mpaka September, ndipo chinyezi chake sichifanana ndi cha kwathu. Nsapato zimene ndinasiya pansi pa bedi sabata imodzi ndinazipeza zitachita chuku chobiriwira, ufa uja unaumbika n'kununkha usanathe n'komwe theka. Zovala sizinkauma. Magetsi ankathima kangapo patsiku, fani ikaima thukuta n'kumangoyenderera. Chakudya chinali mpunga m'mawa, masana ndi madzulo, ndiwo za tsabola wambiri, ndipo m'mimba munatenga mwezi kuti muzolowere. Chimene chinkanditonthoza ndi nsomba zouma za pamsika zimene amati shutki, fungo lake linkandikumbutsa usipa. Ntchito imayamba Lamlungu mpaka Lachinayi, motero mapemphero a Lamlungu m'mawa amene ndinakula nawo anatha basi. Koma ndisachulutse zanga. Ine ndinkagona m'nyumba ya njerwa ya chimbudzi chake. Anthu amene ndinkawatumikira ankagona banja lonse m'kanyumba kamodzi ka nsungwi ndi lona, mmene masana mumatentha ngati uvuni wa njerwa.

Vuto loyamba pa ntchito linali chilankhulo, ndipo apa ndikhalapo pang'ono. Chirohingya ndi chilankhulo cha pakamwa. Zilembo zake zilipo, monga zimene amati Hanifi, koma ozidziwa ndi ochepa, ndipo anthu ambiri, makamaka amayi, sanapatsidwe mwayi wa sukulu ku Myanmar. Chimayandikana ndi chilankhulo cha anthu a ku Chittagong, chigawo cha Bangladesh chimene muli misasayi, ndiye mabungwe analemba ntchito achinyamata a m'derali kuti azimasulira. Kuyandikanako kuli ngati kwa Chichewa cha ku Dedza ndi Chisena cha kwathu: pamsika mumvana mtengo wa tomato bwinobwino, koma pa nkhani ya matenda a amayi kapena ya malamulo, mawu amodzi okha akhoza kupotoza zonse. Tsono uthenga unkalembedwa m'Chingerezi, kupita m'Chibangla, kenako womasulira n'kuunena m'chilankhulo chake cha ku Chittagong, munthu wa Chirohingya n'kutolapo zimene watolapo.

Mwezi wanga wachiwiri tinakonza uthenga wa kugumuka kwa nthaka. Unkati mukaona ming'alu paphiri pamwamba pa nyumba yanu, kapena madzi akutuluka pamene sankatuluka, chokanipo mukagone kwa abale kapena kumalo otetezeka. Tinaujambula, anyamata anauzungulitsa ndi zokuzira mawu m'midadada inayi. Patapita masiku atatu, mtsikana amene ankandimasulira anandiuza kuti m'dera lina anthu akukana kutsegulira odzipereka athu. Titafufuza tinapeza kuti mawu amene tinagwiritsa ntchito ponena kuchoka, iwo anawamva ngati kusamutsidwa ndi akuluakulu. Nthawi imeneyo kunali kale nkhani yakuti boma likukonza chilumba cha Bhasan Char kuti lidzapititseko anthu ena. Ndiye anthu anamva kuti amene nyumba yake ili ndi mng'alu adzatengedwa kupita kuchilumba. Ena anayamba kumata ming'alu ndi dothi kuti isaoneke. Uthenga wofuna kupulumutsa moyo unapangitsa anthu kubisa chizindikiro chenicheni cha ngozi, ndipo amene anausainira kuti upite anali ine.

Safunsa anadya phula. Kuyambira pamenepo sindinalolenso uthenga uliwonse kutuluka usanayesedwe. Tinkakhala pansi ndi amayi asanu kapena asanu ndi mmodzi, kenako abambo paokha, kuwaseweretsa mawuwo, n'kuwafunsa kuti atiuze m'mawu awo zimene amva ndi zimene angachite mawa. Kufunsa kuti "mwamva?" n'kutaya nthawi, chifukwa munthu waulemu amavomera basi. Bungwe la Translators without Borders linali likusonkhanitsa mawu a Chirohingya okhudza zaumoyo ndi ngozi, ndipo ntchito yawo inatithandiza kwambiri. Koma chimene chinasintha zinthu kwenikweni ndi pamene tinayamba kujambula mawu a Arohingya eni ake, osatinso a womasulira.

Za zikwangwani ndi mabokosi a madandaulo ndinena mwachidule. Tinali ndi mabokosi khumi ndi awiri okhoma ndi maloko. Tsiku limene ndinawatsegula ndinapezamo makalata asanu ndi awiri, onse olembedwa ndi amuna, atatu mwa iwo ndi dzanja limodzi. Bokosi lofuna cholembera ndi pepala, pakati pa anthu amene ambiri salemba, limangokondweretsa mlendo wodzayendera.

Amene anandiphunzitsa ntchito yanga anali agogo ena a m'dera la Balukhali, mbali ina ya msasa waukuluwo. Tinali ndi magulu omvera wailesi, ofanana ndi amene timakhala nawo kuno kumudzi. Mapulogalamu ena ankachokera ku Radio Naf, wailesi ya m'dera la Teknaf, ena tinkakonza tokha n'kuika pa kakhadi ka memory. Amayi ambiri a Chirohingya satuluka masana popanda chifukwa chachikulu, ndipo ena analibe ngakhale chovala chodzifunda chimene mwambo wawo umafuna kuti atulukire panja. Ndiye tinkawapeza m'nyumba. Kukhala kwanga mkazi kunanditsegulira makomo amene anzanga aamuna sakanalowa.

Tsiku limenelo tinali amayi khumi ndi anayi m'kanyumba kamodzi, mawondo kugundana, ana akusuzumira m'mipata ya nsungwi. Ndinaseweretsa pulogalamu ya mphindi khumi ndi ziwiri ya kusamba m'manja. Itatha ndinayamba kulongedza, chifukwa ndinali ndi magulu ena awiri dzuwa lisanapendeke. Agogowo anagwira nsonga ya mpango wanga, osakoka, kungogwira basi. Analankhula motsitsa, womasulira n'kunditembenukira: "Akuti Apa, inu mwalankhula. Nanga ife tilankhula liti?" Apa ndi mmene amaitanira mkazi mwaulemu, ngati mmene ife timanenera kuti achemwali. Ndinakhalanso pansi. Zimene zinatuluka m'maola awiri otsatirawo sizinali za sopo. Chimbudzi chawo chinali kuseri kwa phiri, chopanda loko, chopanda nyale, ndipo masana pamzere pamakhala amuna. Atsikana ankachepetsa kudya ndi kumwa kuti asafune chimbudzi mpaka mdima, ndipo mdima ukagwa ankaopa kupita okha. Mayi wina anandionetsa kachitini kamene ankasunga pakona. Madzi osamba m'manja anali kutali kuposa chimbudzicho. Ine ndinabwera kudzaphunzitsa anthu chinthu chimene ankachidziwa kale, pamene iwo anali ndi miyezi khumi akudikira munthu woti amufunse za loko.

Kuchokera tsiku limenelo ndinkanyamula kope lalikulu. Funso lililonse ndi dandaulo lililonse ndinkalilemba, ndi nambala ya mdadada, popanda dzina la munthu. Madzulo tinkawasanja, awa a madzi, awa a chakudya, awa a chipatala, n'kuwapititsa kwa oyendetsa mbali zimenezo. Kumvetsera sikunali kovuta kwenikweni. Chovuta chinali kubwerera ndi yankho. Loko wa chimbudzi chija anatenga masabata asanu ndi awiri, ndipo sabata iliyonse ndinkabwerera kwa agogo aja kukawauza pamene nkhani yafika, ngakhale pamene sinasunthe. Anzanga ena ankati ndikuwononga nthawi kupita chimanjamanja. Ine ndinaona kuti anthu amapirira yankho lakuti "sizinatheke" kuposa kusowa kwa munthu amene analemba dandaulo lawo n'kuzimiririka.

Mumsasa munali njira zake zoyendetsera nkhani, ndipo wanzeru amaziphunzira asanabweretse zake. Mdadada uliwonse unali ndi mtsogoleri wotchedwa majhi, ambiri mwa iwo osankhidwa ndi asilikali a Bangladesh m'masiku a chipwirikiti a 2017, pafupifupi onse amuna. Ena anali anthu okhulupirika ogwira ntchito usana ndi usiku. Ena uthenga ukafika kwa iwo unkafika kwa abale awo okha. Kunalinso maimamu ndi zokuzira mawu za m'mizikiti, zimene zinkamveka patali kuposa chida chilichonse chimene tinali nacho. Uthenga wonenedwa ndi imamu pambuyo pa Swala ya Lachisanu unkalemera kuposa zikwangwani zana. Koma amayi sapita kumzikiti kumeneko, ndiye kudalira njira imeneyi yokha kunali kusiya theka la anthu.

Namondwe amaopsa kawiri pachaka, mu April ndi May, kenako mu October ndi November. Anthu a m'derali samaiwala wa mu April 1991, amene anapha anthu pafupifupi 138,000 m'mbali mwa nyanja imeneyi. Bangladesh ili ndi dongosolo lakale la odzipereka ochenjeza za namondwe, ndipo linafikitsidwa mumsasa ndi mbendera: imodzi kusonyeza kuti namondwe wapangika panyanja, ziwiri kuti akuyandikira, zitatu kuti ngozi yafika pakhomo. Kuphunzitsa mbendera kunali kosavuta, ana ankaloweza tsiku limodzi. Funso limene linkanditsekereza pakhosi linkabwera pambuyo pake. Bambo wina wachikulire anandifunsa pagulu kuti, "Mbendera zitatu zikakwera, tithawire kuti?" Mumsasa munalibe nyumba zolimba zothawiramo namondwe zokwanira anthu amenewo. Zimene tinali nazo zowauza n'zakuti amange denga ndi zingwe, aike matumba a mchenga, akulunge zitupa ndi mankhwala m'pulasitiki, ana asatalikire makolo. Ndinamuyankha choncho, n'kuwonjezera kuti malo othawira onse palibe. Anagwedeza mutu n'kunena kuti bola ndanena zoona. Mnzanga wina anandidzudzula pagalimoto kuti ndawachititsa mantha. Mpaka lero ndimaona kuti ndinachita bwino, chifukwa bamboyo akanathamangira usiku ndi ana ake kukafuna nyumba imene kulibe.

Mphekesera ndinazilemekeza nditakhala nazo. Kunali yakuti katemera amatseketsa kubereka, ina yakuti amasandutsa mwana Mkhristu. Poyamba ndinkaziona ngati umbuli. Koma anthu amenewa anachokera kudziko kumene boma linkawaletsa kuyenda, linkalowerera pa maukwati awo, ndipo m'madera ena linkawaikira malire a ana obereka. Munthu wotero akamakayikira jekeseni yaulere yochokera kwa akuluakulu, akuganiza molingana ndi zimene anaona. Chimodzimodzi pa kalembera wa zitupa zatsopano amene anayamba mu 2018, wojambula zala ndi maso. Anthu ankafunsa chifukwa chimene chitupacho sichinalembe mawu akuti Rohingya, komanso ngati mayina awo aperekedwa ku Myanmar. Ku Rakhine, zitupa ndi zimene zinagwiritsidwa ntchito powalanda unzika pang'onopang'ono. Cha kumapeto kwa November chaka chimenecho anthu ananyanyala ntchito masiku angapo pa nkhani yomweyi.

Sabata yovuta kuposa zonse inali ya pa 15 November 2018. Maboma a Bangladesh ndi Myanmar anagwirizana zoyamba kubweza anthu tsiku limenelo, ndipo panali mndandanda wa mayina opitirira 2,000. Mawu a boma anali akuti palibe amene adzakakamizidwe. Koma anthu ambiri sankadziwa ngati dzina lawo lilipo kapena ayi, ndipo ife amene ntchito yathu inali kupereka uthenga sitinauone mndandandawo. M'mawa uliwonse tinkapeza tinyumba tina totseka, mabanja atathawira kumisasa ina kukabisala kwa abale. Mayi wina amene ndinkamudziwa bwino, wa ana anayi, anandigwira manja onse awiri n'kunena kuti, "Apa, inu mumalowa m'maofesi. Tandiuzani ngati tilimo. Ngati tilimo ndiwapatse ana anga kwa mlongo wanga usiku uno." Ndinamuuza kuti sindikudziwa, kuti chimene ndikudziwa n'chakuti ali ndi ufulu wokana, ndipo akafunsidwa anene poyera kuti sakufuna. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Sindikudziwa ngati anandikhulupirira, koma m'mawa mwake ndinamupeza panyumba pake ndi ana onse anayi. Pa tsikulo mabasi anafika kumsasa wa Unchiprang, anthu anasonkhana n'kumakuwa kuti sapita popanda unzika ndi chitetezo, ndipo mabasiwo anabwerera opanda munthu. Pa 22 August 2019 zinachitikanso chimodzimodzi.

Pali mbali ina ya ntchito imeneyi imene otsatsa mwayi satchula. Kupatula kufikitsa uthenga kwa othawa kwawo, ofesi imafunanso nkhani ndi zithunzi zotumiza kwa opereka ndalama. Zimenezo n'zofunika, chifukwa popanda ndalama mpunga sufika. Koma tsiku lina ananditumiza kukajambula mayi amene anachitidwa zoopsa ku Rakhine, ndipo majhi anandilondolera mosazengereza, ngati njira yozolowereka. Mayiyo anayamba kufotokoza ndisanafunse n'komwe, mawu ali phwa, maso ali pansi. Nditamufunsa kuti wafotokozera anthu angati, anawerenga zala za manja onse n'kupitirira. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anabwerera kudzamuuza kumene nkhani yake inapita. Ndinatseka chojambulira. Tinakambirana za denga lake lodontha, ndipo ndinalemba limenelo m'kope. Kuofesi sanakondwere. Ndikukuuzani inu amene mudzagwire kamera: munthu amene chakudya chake chimachokera kwa bungwe lanu savutika kuvomera, chifukwa amaopa kuti akakana khadi lake lidzavuta. Muuzeni momveka kuti kukana sikusintha chilichonse pa chithandizo chake, muuzeni kuti chithunzicho chikhoza kuonedwa pa intaneti ngakhale ku Myanmar, ndipo mukaona akuzengereza, bwezani kamera m'chikwama.

Mu March 2019 madzi osefukira a nyengo ya namondwe Idai anamiza midzi ya ku Nsanje ndi Chikwawa. Ine ndinali kutali, ndikukonzekeretsa anthu ena za mbendera, pamene mayi anga foni yawo sinkapezeka masiku anayi. Bangladesh ili patsogolo ndi maola anayi, ndiye ndinkadzuka pakati pa usiku kuimbira aliyense amene ndinali ndi nambala yake. Tsiku lachisanu mphwanga anandiuza kuti ali pasukulu ina pamodzi ndi anthu ena, ali moyo, nyumba ndiye inagwa. M'masiku anayi amenewo ndinakhulupirira mphekesera iliyonse imene inandifika pa WhatsApp, ine amene ntchito yanga inali kulimbana ndi mphekesera. Nditafotokozera amayi a gulu la ku Balukhali, agogo aja anakweza manja n'kupempherera mayi anga, ena onse n'kuvomereza. Mlendo ndi mame, ine ndinali wodutsa pakati pawo, koma tsiku limenelo anandisunga ngati mwana wa pakhomo.

Thupi nalo linalipira. Mu 2019 Bangladesh inali ndi mliri waukulu wa dengue, matenda a udzudzu woluma masana, ndipo anthu opitirira 100,000 anadwala. Ine unandigwira mu July. Mutu, mafupa, kuseri kwa maso, zonse zinkawawa kuposa malungo alionse amene ndinadwalapo, ndipo ndinagona masiku asanu ndi anayi. Neti ya usiku yokha siteteza, pamafunika mafuta othamangitsa udzudzu ndi zovala za manja aatali masana. Palinso kutopa kwa mumtima kumene sikuoneka. Ndinayamba kusowa tulo, kukwiya ndi zinthu zazing'ono, kusafuna kuyankha foni za kunyumba. Mnzanga wa ku Kenya ndi amene anandiuza mosabisa kuti ndipite kwa mlangizi, ndipo ndinapita. Kukhala munthu wakuda kumeneko kulinso ndi katundu wake. M'tauni anthu ankandiunjirira kufuna kujambulitsa nane, ena kundigwira tsitsi, ndipo pamisonkhano ina mafunso ankapita kwa mzungu wa zaka zochepa amene ndinkamuphunzitsa ntchito. Mumsasa zinali zosiyana. Nditawauza kuti kwathu tinasungapo othawa nkhondo, ndipo patapita zaka anabwerera kwawo mtendere utasainidwa mu 1992, ankandifunsa mobwerezabwereza kuti anabwerera bwanji, minda yawo anaipeza kapena ayi.

Pa 25 August 2019 anthu ochuluka zedi anasonkhana ku Kutupalong kukumbukira zaka ziwiri chithawireni. Masiku ochepa pambuyo pake, mu September, boma linalamula kuti intaneti ya pafoni ichepetsedwe m'dera la misasa ndiponso kuti othawa kwawo asagulitsidwe makhadi a foni. Zinakhala choncho pafupifupi chaka chathunthu. Magulu a WhatsApp amene tinkatumizirana mawu ojambula ndi odzipereka athu a Chirohingya anafa tsiku limodzi. Tinabwerera ku miyendo, zokuzira mawu za m'manja ndi mizikiti. Chimene chinatipulumutsa n'chakuti tinali titamanga kale ubale ndi anthu maso ndi maso. Mabungwe amene anadalira foni yokha anasowa pogwira.

Kwa inu amene mukufuna kupita, mwayi weniweni sulipiritsa. Kulembetsa pa tsamba la United Nations Volunteers n'kwaulere, ndipo mabungwe odalirika safuna ndalama ya fomu kapena ya malo. Wina akakuuzani kuti mutumize ndalama pafoni kuti akusungireni malo, ameneyo ndi wakuba. Musananyamuke werengani mgwirizano wonse: inshuwalansi ya chipatala ikukwanira chiyani, mukadwala kwambiri adzakutengerani kuti, tikiti yobwerera ndi ya ndani, chitupa cholowera m'dziko ndi chogwirira ntchito akukonza ndani. Ndalama imene amapereka ndi yokhalira, ndipo achibale muwauziretu zimenezi, chifukwa kwathu munthu akakwera ndege amaoneka ngati wapeza mgodi. Ine ndinavutika nazo miyezi yoyamba, mapempho a fizi ndi feteleza akubwera sabata iliyonse. Ndipo musadikire ndege kuti muyambe. Luso limene linandithandiza kwambiri ndinaliphunzira pa wailesi ya kumudzi ndi m'magulu omvera a pansi pa mtengo. Amene muli pafupi ndi Dowa, ku Dzaleka kuli anthu a ku Congo, Burundi, Rwanda ndi maiko ena, zilankhulo zambirimbiri, ndipo mafunso awo ndi omwewa: dzina langa lili pati, chakudya chachepa chifukwa chiyani, ndikadandaule kwa ndani.

Mukafika, dziwani kuti ntchito yaikulu imagwiridwa ndi othawa kwawo eni ake. Odzipereka athu a Chirohingya ankalandira kandalama kochepa kwambiri poyerekeza ndi ife, komabe ndi iwo amene ankatsala usiku mvula ikamagwa, ndi iwo amene ankatukwanidwa lonjezo la ofesi likalephereka. Mnyamata wina amene ankayang'anira gulu lathu anali mphunzitsi ku Maungdaw, m'chigawo cha Rakhine, asanathawe, wodziwa zilankhulo zinayi. Zambiri zimene zinatuluka m'dzina langa zinali nzeru zake. Muziwatchula m'malipoti, muziwamenyera nkhondo pa nkhani ya malipiro, ambulera ndi nsapato za mvula.

Ndinachoka mu October 2019. Sabata yomaliza ndinapereka makope anga asanu ndi limodzi kwa mphunzitsi uja, titadutsamo limodzi tsamba ndi tsamba kuika chizindikiro pa mafunso amene anali asanayankhidwe. Anakwana 83. Kenako ndinakwera phiri la ku Balukhali kukatsanzika. Agogo aja anandipatsa tiyi wa mkaka m'kapu yagalasi, n'kunditengera kuseri kwa phiri kukandionetsa chimbudzi chija. Loko analipo, koma nyale ya dzuwa imene inaikidwa pambuyo pake inali itafa. Anandiuza kuti ndilembe. Ndinawauza kuti kope ndapereka kale, ndipo ndikunyamuka Lachinayi. Anaitana mphunzitsiyo ndi dzanja, iye anatsegula tsamba latsopano, n'kulemba nambala ya mdadada ndi tsiku.